Osamalira odwala m'nyumba: amagona, nanga bwanji sapuma?

Munthu wolembedwa ntchito yosamalira wodwala kapena wokalamba akagona m'nyumba ya wodwalayo usiku, akugwira ntchito kapena akupuma? Funsoli lafika m'makhoti akuluakulu a mayiko angapo ndipo mayankho ake sakufanana. Limasokoneza chifukwa limaphatikiza zinthu zitatu zimene anthu amazikamba padera: momwe thupi limagonera, momwe ntchitoyi imakonzedwera, ndi momwe malamulo amawerengera maola. Wabanja amene akulipira amaona wantchito ali pabedi maola 8. Wantchitoyo amadzuka mutu uli wolemera ngati sanagone n'komwe. Onse awiri akhoza kukhala akunena zoona.

Ntchito yake ndi yotani

Wosamalira m'nyumba amasambitsa wodwala, kumuveka, kumudyetsa, kumupatsa mankhwala pa nthawi yake, kumuperekeza kuchimbudzi kapena kumusintha thewera, ndi kumutembenuza ngati sangathe kudzitembenuza yekha. Ntchitoyi imagwiridwa m'njira zingapo, ndipo iliyonse imawononga tulo mwa njira yake. Ena amayenda nyumba zingapo pa tsiku, m'mawa kukadzutsa odwala, madzulo kukawagoneka. Ena amachezera usiku wonse ali maso. Ena amaloledwa kugona koma ayenera kudzuka akaitanidwa. Ndiye pali okhala konko, amene nyumba ya wodwala ndiyo malo awo antchito komanso ogona kwa masiku kapena masabata otsatizana.

Kwa zaka zambiri malamulo a ntchito sankawaona anthuwa. Pangano loyamba la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 1919, linaika malire a maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata, koma linali la ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi. Ogwira ntchito m'nyumba za anthu anadikira mpaka 2011 kuti akhale ndi pangano lawo, la nambala 189. Lipoti la ILO la mu 2021 linati padziko lonse pali ogwira ntchito zam'nyumba okwana 75.6 miliyoni, ndipo pa anthu 100 alionse pafupifupi 76 ndi akazi. Si onse amene amasamalira odwala, koma osamalira ambiri ali m'gululi.

Namwino wa m'chipatala nayenso amagwira usiku, koma ali ndi mnzake womugwirira akafuna kupuma, ali ndi nthawi yodziwika yowerukira, ndipo akaweruka amasiyira wina odwala. Wosamalira m'nyumba kawirikawiri amakhala yekha. Wodwala akagwa 3 koloko usiku, palibe wina woti amuthandize kumudzutsa.

Tulo tokwanira si maola okha

Akatswiri a za tulo amati munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo usiku uliwonse. Chiwerengerochi n'chimene anthu ambiri amachidziwa, koma chimabisa mfundo yaikulu. Tulo sitiyenda mofanana kuyambira pogona mpaka podzuka. Munthu amayamba ndi tulo topepuka, kenako amalowa m'tulo tofa nato, kenako m'tulo tolota timene timatchedwa REM, pamene maso amayendayenda mofulumira zikope zili chitsekere. Ulendo umodzi woterewu umatenga pafupifupi mphindi 90, ndipo umabwerezedwa maulendo 4 mpaka 6 pa usiku. Tulo ta REM tinazindikiridwa mu 1953 ndi Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku yunivesite ya Chicago. Chisanafike chaka chimenecho ambiri ankaganiza kuti munthu akagona ubongo umangozima.

Tulo tofa nato timachuluka m'maola oyambirira a usiku, ndipo m'pamene thupi limapuma kwenikweni. Tulo tolota timachuluka cha m'bandakucha, ndipo timathandiza pa kukumbukira ndi kukhazikika kwa mtima. Munthu akadzutsidwa n'kuyamba kugwira ntchito, sabwerera pomwe anasiyira. Zili ngati wotsika m'chitsime chakuya pa makwerero: akaitanidwa ali pakati, amakwera, ndipo pobwerera amayambiranso pamwamba.

Tiyeni tione usiku umodzi mwatsatanetsatane. Wodwala wogona chigonere amafunika kutembenuzidwa pafupipafupi kuti asatuluke zilonda m'chiuno, m'matako ndi m'zidendene, ndipo mwachizolowezi zimenezi zimachitika maola 2 alionse. Wosamalira wagona 10 koloko usiku ndipo adzuka 6 koloko m'mawa. Pa pepala ndi maola 8. Koma alamu ilira 12 koloko, 2 koloko ndi 4 koloko. Ulendo uliwonse ayatse nyale, aone ngati thewera lanyowa, apinde bondo la wodwala, amukokere cham'mbali, aike mapilo kumsana ndi pakati pa miyendo, asambe m'manja. Tinene kuti zatenga mphindi 15, ndipo tulo tabweranso patapita mphindi zina 15. Watsala ndi maola 6 ndi theka, ogawika zidutswa 4, chachitali kwambiri chosapitirira maola 2. Usiku umodzi wotere thupi limapirira. Masiku 5 kapena 6 otsatizana kutopa kumaunjikana, ndipo choopsa n'chakuti munthu wosowa tulo kwa masiku angapo amazolowera n'kumadziona ngati ali bwino pamene maganizo ake akuchedwa kale.

Wotchi ya m'thupi

Mu 1982 Alexander Borbély anafotokoza kuti tulo timayendetsedwa ndi mphamvu ziwiri. Yoyamba ndi njala ya tulo, imene imakula ola lililonse munthu ali maso. Mwa zina imabwera chifukwa cha kuchuluka kwa mankhwala achilengedwe otchedwa adenosine mu ubongo, ndipo khofi amagwira ntchito potsekereza adenosine ameneyu, osati pomuchotsa. Yachiwiri ndi wotchi ya m'thupi ya maola pafupifupi 24, imene imatsatira kuwala kolowa m'maso. Kukada thupi limatulutsa melatonin, mankhwala achilengedwe olikonzekeretsa kugona, kutentha kwa thupi kumatsika, ndipo cha pakati pa 3 ndi 5 koloko m'bandakucha munthu amakhala wofooka kuposa nthawi ina iliyonse. Mu 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza momwe wotchiyi imayendera m'maselo.

Wochezera usiku amalimbana ndi mphamvu ziwirizi kawiri. Usiku amayenera kukhala maso thupi likufuna kugona. Akaweruka 7 koloko m'mawa amakumana ndi dzuwa panjira, ndipo kuwalako kumauza ubongo kuti kwacha. Agonadi chifukwa watopa, koma wotchi ya m'thupi imamudzutsa cha masana tulo tisanakwane. N'chifukwa chake tulo tausana ta ogwira usiku nthawi zambiri timapelewera ndi maola angapo poyerekeza ndi tausiku. Ndi ochepa amene thupi lawo limasinthiratu, chifukwa pa masiku opuma amabwerera kugona usiku ngati abale awo onse.

Bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu 2007 komanso mu 2019 linaika ntchito yausiku m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa. Mawu akuti "mwina" ndi ofunika apa: gululi limanena za mphamvu ya umboni, silinena kuti aliyense wogwira usiku adzadwala. Umboni wina ukusonyeza kuti ntchito yausiku ya zaka zambiri imayenderana ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima.

Kugona khutu lili tcheru

Apa m'pamene pagona vuto losaoneka, ndipo m'pamene mikangano yambiri imayambira. Wabanja amati, "Koma usiku wathawu mayi sanadzuke ngakhale kamodzi." N'zoona. Komabe munthu amene akudziwa kuti akhoza kuitanidwa nthawi iliyonse sagona ngati amene alibe udindo. Kafukufuku wa ogwira ntchito zodikira kuitanidwa, monga madokotala ndi okonza mainjini m'sitima zapamadzi, wasonyeza kuti tulo tawo timakhala topepuka ngakhale usiku umene belu silinalire. Ubongo umasiya mbali ina ikumvetsera. Zofananazo zimachitika munthu akagona malo achilendo usiku woyamba, ndiye wosamalira amene amasinthasintha nyumba amakumana nazo mobwerezabwereza.

Odwala matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatcha dementia, ndi amene amafuna tcheru chachikulu. Ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa, amasinthanitsa usana ndi usiku, amadzuka kufunafuna munthu amene anamwalira kale kapena kuyesa kutsegula chitseko kuti "apite kwawo". Wosamalira amagona akumvetsera kulira kwa bedi, phazi likagunda pansi, chogwirira chitseko chikatembenuka. WHO imati anthu opitirira 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo ambiri amasamalidwa kunyumba.

Malo ogona nawonso amawerengedwa. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa chipinda chapadera chokhala ndi chitseko, ndi matiresi oyalidwa pambali pa bedi la wodwala, pomwe nyale siizima, makina a mpweya akulira usiku wonse, wodwala akutsokomola kapena kubuula. Kwa wantchito wamkazi m'nyumba ya eni, chitseko chosakhomeka pachokha n'chokwanira kumulanda tulo.

Palinso chizungulire cha pongodzuka. Munthu wodzutsidwa m'tulo tofa nato amakhala wosokonezeka kwa mphindi 15 mpaka 30, nthawi zina kupitirira. Manja amagwira koma mutu sunadzuke. Imeneyi ndi nthawi imene wosamalira angawerenge molakwa mlingo wa mankhwala, kuiwala kukhoma mabuleki a njinga ya wodwala, kapena kumunyamula msana uli wopindika. N'chifukwa chake mankhwala ausiku ayenera kukonzedwa madzulo, m'kabokosi kolembedwa nthawi, mutu udakali bwino.

Mpata pakati pa mashifiti

Lamulo la mayiko a European Union la maola a ntchito, limene linayamba mu 1993 n'kukonzedwanso mu 2003, limati wantchito apume maola 11 otsatizana pa maola 24 alionse. Ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito malire omwewa, ndipo apeza kuti kubwerera kuntchito pasanathe maola 11 kumayenderana ndi tulo tochepa, kutopa ndi kujomba chifukwa cha matenda.

Masamu ake ndi osavuta. Wosamalira wagoneka wodwala womaliza 10 koloko usiku, ndipo 7 koloko m'mawa ayenera kukadzutsa woyamba. Ndi maola 9. Chotsanipo ulendo wa mphindi 45 kupita ndi 45 kubwera, kusamba, kudya, kukonzekeretsa ana ake, ndi nthawi yoti mtima ukhazikike asanagone. Otsala ndi maola 5 kapena 6. Ntchito yoyenda m'nyumba imagwera m'vutoli mwachibadwa, popeza odwala onse amafuna thandizo nthawi zofanana, m'mawa ndi madzulo, pamene masana pamakhala maola opanda ntchito amene sakwanira kupita kunyumba kukagona. Kumene nthawi yoyenda pakati pa nyumba silipidwa, wantchito amawonjezera odwala kuti malipiro akwane, ndipo tsiku limatalika mbali zonse ziwiri. Ndandanda yosintha mwadzidzidzi, foni yolira usiku kuti mawa ukalowe m'malo mwa wina, imachotsanso mwayi wokonzekera tulo.

Kafukufuku wa ku Australia wa Drew Dawson ndi Kathryn Reid, wofalitsidwa mu 1997, anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa ndi kulakwitsa mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, mlingo umene mayiko ambiri amaletsa nawo kuyendetsa galimoto. Wosamalira amene wadzuka 5 koloko m'mawa amafika pamenepo 10 koloko usiku, nthawi yomwe akupereka mankhwala omaliza kapena kuyendetsa kubwerera kwawo.

Ululu ndi nkhawa

Msana ndi mapewa zimavutika kwambiri pa ntchitoyi. Bungwe la ku America loona za chitetezo pantchito la NIOSH limalangiza kuti wosamalira asanyamule ndi manja kulemera kopitirira pafupifupi makilogalamu 16 posuntha wodwala, ndipo mwendo umodzi wokha wa munthu wonenepa ukhoza kufika pamenepo. M'nyumba bedi limakhala lotsika kapena lotsamira khoma, bafa ndi lopanikiza, makina onyamulira palibe. Ululu umadzutsa munthu potembenuka usiku, ndipo kusowa tulo kumapangitsa ululu womwewo kumveka kwambiri mawa lake. Ziwirizi zimadyetsana.

Za nkhawa, Robert Karasek anafotokoza mu 1979 kuti ntchito yopweteka kwambiri m'maganizo ndi imene imafuna zambiri koma wantchito alibe mphamvu yosankha kagwiridwe kake. Wosamalira amapatsidwa mphindi zowerengeka kuti asambitse munthu amene lero wakana kusamba. Amalandira malangizo otsutsana kuchokera kwa ana a wodwala. Amaona munthu amene wamusamalira zaka akufooka mpaka kumwalira, ndipo nthawi zina ntchito imathera pomwepo. Maganizo amenewa amamutsatira pabedi. Madokotala amati vuto la kusowa tulo lakhazikika ngati likuchitika masiku 3 kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi 3, munthuyo ali ndi mpata wogona koma tulo osabwera. Izi n'zosiyana ndi kusowa mpata wogona, ndipo chithandizo chake n'chosiyananso. Woyambayo amathandizidwa ndi uphungu wa kagonedwe wotchedwa CBT-I. Wachiwiriyo sangachire ndi uphungu kapena mapiritsi ngati ndandanda ya ntchito sinasinthe.

Zimene malamulo amanena

Mu 2003 khoti la European Union, pa mlandu wa dokotala wa ku Germany, linagamula kuti nthawi yodikira kuitanidwa uli pamalo antchito ndi nthawi ya ntchito, ngakhale utapatsidwa bedi. Mu 2021 khoti lalikulu la ku United Kingdom, pa mlandu wa bungwe la Mencap, limene limalemba ntchito osamalira, linagamula kuti wosamalira wololedwa kugona ayenera kulandira malipiro ochepetsetsa a pa ola pa nthawi yokhayo imene ali maso chifukwa cha ntchito. Zigamulozi zikuoneka zotsutsana, koma choyamba chikukamba za malire a maola poteteza thanzi, chachiwiri za ndalama. Ku United States, pa shifiti ya maola 24 kapena kuposerapo, olemba ntchito ndi wantchito angagwirizane kuchotsa mpaka maola 8 ogona pa malipiro ngati pali malo oyenera ogona. Nthawi iliyonse imene wadzutsidwa imalipidwa, ndipo ngati sanapeze maola osachepera 5 a tulo, usiku wonse umawerengedwa ngati ntchito. Pangano la ILO la 189 limafuna maola 24 otsatizana opuma sabata iliyonse, ndipo limati nthawi yodikira kuitanidwa iwerengedwe ngati ntchito malinga ndi momwe malamulo a dziko lililonse aikira.

Mbali zonse zili ndi mfundo zolemera. Oimira antchito amati munthu amene sangachoke m'nyumba, sangagone ndi banja lake, ndipo adzaimbidwa mlandu wodwala akavulala, sali pa nthawi yake. Mabanja ndi mabungwe osamalira amati kulipira ola lililonse la usiku kungakweze mtengo mpaka okalamba ambiri kulephera kukhala m'nyumba zawo.

Zimene zimachepetsa vutoli

Choyamba ndi kulemba. Kope likhale pafupi ndi bedi: wodwala wadzuka nthawi yanji, chifukwa chiyani, zatenga mphindi zingati. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimaoneka ngati usikuwo ndi wogona kapena wochezera. Ngati kudzuka kwachuluka usiku uliwonse, ntchitoyo yasanduka yochezera, ndipo amene waigwira sayenera kupitiriza masana ake. Kopelo limathandizanso dokotala, chifukwa zina zodzutsa wodwala zimachizika: ululu wosasamalidwa bwino, matenda a m'chikhodzodzo, mankhwala okodzetsa omwedwa madzulo, kapena kugona kwambiri masana. Matiresi apadera ochepetsa kupanikizika kwa khungu angalole kutalikitsa nthawi yotembenuza, koma zimenezi asankhe ndi namwino kapena dokotala ataona khungu la wodwalayo.

Pa ndandanda, mashifiti osinthasintha aziyenda chamtsogolo, kuchoka m'mawa kupita madzulo kenako usiku, chifukwa thupi limavomera msanga kuchedwa kugona kusiyana ndi kufulumira. Mausiku otsatizana akhale ochepa, ndandanda idziwike masiku angapo pasadakhale, ndipo wokhala konko akhale ndi wina womulandira pa masiku odziwika.

Wantchito payekha ali ndi zochepa zimene angachite, koma zilipo. Kugona pang'ono masana asanayambe usiku woyamba kumathandiza. Tulo ta mphindi 20 pakati pa shifiti, ngati wodwala ali pabwino, timatsitsimula popanda chizungulire chachikulu. Caffeine wa mu khofi amatsala theka m'thupi patapita maola pafupifupi 5, choncho khofi amwedwe kumayambiriro kwa shifiti, osati kumapeto. Pobwerera m'mawa magalasi akuda amachepetsa kuwala, ndipo chipinda chogona masana chikhale chamdima ndi chozizirira. Mowa umabweretsa tulo msanga koma umatidula cha m'bandakucha. Mapiritsi ogonetsa sayenera kumwedwa usiku umene munthu akudikira kuitanidwa. Amene amaliza mkonono kwambiri, kubanika kutulo, kapena kuwodzera akuyendetsa galimoto akaonane ndi dokotala, chifukwa pangakhale matenda ena pamwamba pa ntchitoyo.

Mafunso amene akadalipo

Kafukufuku wambiri wa tulo ndi mashifiti wachitika pa anamwino a m'zipatala, oyendetsa magalimoto ndi ogwira m'mafakitale. Osamalira m'nyumba ndi ovuta kuwafikira, makamaka olembedwa ndi mabanja popanda mgwirizano wolembedwa komanso ochokera kumayiko ena, amene mwina ndiwo amagona movutika kwambiri. Ofufuza akukambiranabe ngati zopezeka m'chipatala zingagwire ntchito m'nyumba momwe zilili.

Akukambirananso za malire. Kodi kudzutsidwa kangati pa usiku kumasandutsa usiku wogona kukhala wochezera, ndipo kodi maola 5 odukizadukiza angafanane ndi maola 5 otsatizana? Kodi zipangizo zoika pabedi kapena pachitseko, zimene zimalira wodwala akadzuka, zimalola wosamalira kugona mtima uli m'malo, kapena zimangowonjezera zomudzutsa popanda chifukwa? Woyang'anira za ntchito angalowe bwanji m'nyumba ya munthu kukaona malo ogona wantchito popanda kuphwanya ufulu wa mwini nyumba? Ndipo anthu okalamba akamachuluka m'mayiko ambiri, ndalama zolembera wosamalira wachiwiri wa usiku zichokere kuti: kubanja, kuboma, ku inshuwalansi, kapena zipitirize kulipidwa ndi tulo ta wantchito mmodzi?